Mayendedwe a mu Johannesburg: n'chifukwa chiyani wantchito amadzuka kukadali mdima?

Basi yochokera ku Blantyre ikadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, imakatula anthu ake pakati penipeni pa Johannesburg, ambiri pa Park Station kapena m'misewu yoyandikana nayo. Ulendowo ndi wa masiku awiri, mwinanso kuposerapo pa boda pakavuta. Munthu amatsika miyendo itatupa, mumtima akuti wafika. Koma m'bale amene wamulondola sakhala m'tauni. Amakhala ku Diepsloot, ku Tembisa, ku Cosmo City kapena ku Orange Farm, ndipo kuti akamupeze payenera kuyambika ulendo wina umene palibe anamufotokozera ali kumudzi.

Ukayang'ana papepala, mzinda uwu uli ndi chilichonse. Muli sitima zapamtunda za mitundu iwiri, mabasi a makampani angapo, maminibasi osawerengeka amene kumeneko amangowatchula kuti matekisi, magalimoto oitanitsa pafoni, misewu ikuluikulu yodutsana m'mwamba, ndi bwalo la ndege limene limalandira anthu ambiri kuposa lina lililonse kum'mwera kwa Africa kuno. Komabe mayi wogwira ntchito yapakhomo amadzuka 4 koloko m'mawa kuti akafike 7 koloko kwa abwana ake, n'kubwerera kwawo ana atagona kale. Vuto si kuchepa kwa magalimoto ayi. Vuto ndi momwe mzindawo anaumangira, ndiponso kuti njira iliyonse yoyendera anaikonzera anthu akeake, panthawi yakeyake, popanda kuganizira kuti idzalumikizana bwanji ndi inzake.

Johannesburg inayamba mu 1886 atapeza golide pa famu ya Langlaagte. Palibe mtsinje waukulu, palibe doko. Chimene chinaitana anthu ndi mwala wa golide umene unayala pansi kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Migodi inandandalika motsatira mwalawo, njanji nayo inatsata migodi, kuchokera ku Springs kudzera ku Boksburg ndi Germiston mpaka ku Krugersdorp ndi Randfontein. Mpaka lero sitima wamba zimayenda kwambiri m'mizere imeneyo. Agogo athu amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela sankavutika ndi zokwera tsiku ndi tsiku, poti ankawagoneka m'makomboni a pamgodi pomwepo. Ulendo wawo wovuta unali wochokera kwathu: ambiri ankakwera ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupitiriza pa sitima. Ndi ku Francistown komweko kumene ndege ya Wenela inagwa mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kaye kulemba anthu opita ku migodi.

Amene ankagwira ntchito m'mafakitale, m'masitolo ndi m'nyumba za azungu ndiwo anaikidwa kutali. Boma linkafuna manja awo masana koma silinkafuna kuwaona usiku. Orlando anamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, kum'mwera chakumadzulo, kuseri kwa milu ya dothi la m'migodi. Ulamuliro wa tsankho utakhwima, lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa malo okhala potsata khungu, ndipo kuyambira mu 1955 anthu a ku Sophiatown, amene ankakhala pafupi ndi tauni, anawasamutsa mokakamiza kupita nawo ku Meadowlands. Orlando, Meadowlands ndi madera oyandikana nawo ndi amene anadzatchedwa Soweto. Njanji ndi mabasi amene anaikidwa kumeneko anali ndi ntchito imodzi basi, kukokolola antchito m'mawa kupita nawo m'tauni ndi kuwabweza madzulo. Zoti munthu angafune kupita ku chipatala masana, kukaona m'bale ku dera lina, kapena kukafuna ntchito mbali ina ya mzinda, sizinali m'maganizo a okonzawo.

Kuti malipiro a wantchito sankakwanira mtunda umenewu zinaonekera poyera ku Alexandra mu Januwale 1957. Ku Alexandra kunalibe njanji, anthu ankadalira mabasi a kampani ya Putco. Kampaniyo itakweza mtengo kuchoka pa mapeni anayi kufika pa asanu, anthu ananyanyala mabasi n'kuyamba kuyenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kupita m'tauni, madzulo n'kubwereranso, kwa miyezi pafupifupi itatu. Apolisi ankawaimitsa panjira, kufunsa ziphaso, kuopseza oyendetsa magalimoto amene ankawanyamula, koma anthu sanagonje mpaka mtengo wakale unabwerera, olemba ntchito atauzidwa kuti azithirirapo ndalama. Peni imodzi yokha inatulutsa anthu zikwizikwi mumsewu. Aliyense wofuna kumvetsa mkwiyo umene umabuka lero matekisi akakweza mtengo ayambire pamenepa.

Ndiye panadzachitika china chimene chinasokoneza zinthu kwambiri. Ndalama zinasamuka m'tauni. Sitolo zikuluzikulu za Sandton City zinatsegulidwa mu 1973 kumpoto, komwe kale kunali minda ndi makola a mahachi. Makampani anayamba kutsatana kupita ku Sandton, Rosebank, Randburg, Midrand ndi Fourways, ndipo mu 2000 msika wa masheya wa JSE nawo unachoka pakati pa mzinda kupita ku Sandton. Madera atsopanowa anamangidwira munthu wokhala ndi galimoto yake: mipanda italiitali, misewu yotakata, njira za oyenda pansi zosowa. Njanji inatsala ikuloza kumene ntchito zinali kale. Boma la demokalase litalowa mu 1994 linamangira osauka nyumba zambirimbiri, chinthu choyamikika ndithu, koma linamanga kumene malo anali otchipa, ndiko kuti kunja kwenikweni kwa mzinda. Zotsatira zake, munthu wa ku Orange Farm, makilomita oposa 40 kum'mwera, amene wapeza ntchito ku Fourways kumpoto, ayenera kulowa kaye m'tauni, kutsika, kuyenda wapansi kupita pa renki ina, kuima pamzere wina, kulipiranso kachiwiri. Mzinda wa anthu 4.8 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2022, unamwazikana moti pafupifupi palibe wosauka amene amakhala pafupi ndi ntchito yake.

Mpata umene boma linasiya anautseka ndi matekisi. Anayamba mobisa m'zaka za m'ma 1970, eni ake akuthamangitsidwa ndi apolisi chifukwa zilolezo zonyamulira anthu sizinkaperekedwa wamba kwa anthu akuda. Cha m'ma 1987 ndi 1988 boma linamasula malamulo, minibasi yonyamula anthu 16 n'kuloledwa, ndipo m'zaka zochepa misewu inadzaza. Iyi inali imodzi mwa mabizinesi ochepa amene munthu wakuda ankatha kukhala mwini wake pa nthawi ya tsankho, n'chifukwa chake eni matekisi amaiteteza ndi mtima wonse, nthawi zina ndi mfuti. Kafukufuku wa bungwe la Stats SA wa 2020 anapeza kuti mwa antchito amene amakwera zoyendera za anthu onse mu South Africa, pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse amakwera tekisi. Mabasi amanyamula ochepa, sitima ochepetsetsa.

Mmalawi wozolowera minibasi ya ku Limbe kapena ya ku Area 25 amadabwa ndi zinthu zingapo tsiku loyamba. Choyamba, palibe woitanira amene akukuwa dzina la kumene galimoto ikupita, ndipo nthawi zambiri pagalasi palibe chikwangwani. Ukaima m'mbali mwa msewu umalankhula ndi dzanja. Chala cholozera m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni. Chala cholozera pansi ndiye kuti ukutsika pafupi, m'dera lomwelo. Wopita ku Orange Farm amakunga dzanja ngati wafumbata lalanje. Madera ena ali ndi zizindikiro zawo, ndipo chizindikiro chimodzi chikhoza kutanthauza zosiyana malinga ndi msewu umene waima. Palibe buku la boma limene limaphunzitsa zimenezi. Umafunsa amene waima naye pafupi. Dalaivala amaliza hutala pang'onopang'ono akuyang'ana manja a anthu, akaona chake amaima pomwepo, kaya ndi pakati pa msewu.

Chachiwiri, mulibe kondakitala. Galimoto ikanyamuka, okhala mpando wakumbuyo amasonkhanitsa ndalama zawo, mmodzi n'kugogoda phewa la wa kutsogolo kwake, kumupatsa ndi kunena kuti ndi za anthu angati. Ndalama zimayenda dzanja ndi dzanja, mzere ndi mzere, mpaka zikafike kwa amene wakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Ameneyo, afune asafune, ndiye msungichuma wa ulendowo. Amawerenga, amapatula chenje cha mzere uliwonse, n'kuchibweza m'mbuyo momwe chinabwerera. Zikapanda kukwana, dalaivala amatha kuimika galimoto pambali n'kuzimitsa injini mpaka ndalama yosowayo itapezeka, anthu onse akuchedwa kuntchito, maso ali pa iwe. Mlendo amene sanazolowere marandi asathamangire mpando wakutsogolo, ngakhale ukuoneka wabwino. Ndipo m'mawa si nthawi yotulutsa R200. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono. Pofuna kutsika umakweza mawu kuti "after robot" ngati ukufuna kutsika mukangodutsa maloboti, kapena "short left" ngati ndi pa kamsewu kakumanzere kakubwerako. Ukachita manyazi n'kulankhula motsitsa, udzatsikira kutali.

Kuseri kwa chimene chimaoneka ngati chipwirikitichi kuli dongosolo lolimba. Tekisi iliyonse ili pansi pa bungwe la eni matekisi, bungwe lililonse lili ndi misewu yake ndi malo ake pa renki, ndipo ambiri mwa mabungwewa ali pansi pa bungwe lalikulu la dziko lonse la SANTACO, limene linakhazikitsidwa mu 2001. M'tauni marenki akuluakulu ndi wa Bree, wa Noord umene ambiri amautcha MTN, ndi wa Wanderers pafupi ndi Park Station kumene kumanyamukira za maulendo ataliatali. Ku Soweto kuli renki yaikulu ya Bara moyang'anizana ndi chipatala cha Chris Hani Baragwanath. Pa renki pamakhala oyang'anira mizere amene amadziwa galimoto iliyonse ndi nthawi yake yolowa. Amenewa ndiwo oyenera kuwafunsa njira, osati mnyamata aliyense amene wakuthamangira kuti akunyamulire chikwama.

Anthu a magalimoto awo amadana ndi matekisi chifukwa cha kayendetsedwe: kudumpha maloboti ofiira, kuyenda m'mphepete mwa msewu, kulowerera patsogolo pa anzawo. Madandaulowo ndi oona, ndipo ngozi zake zimapha anthu ambiri nthawi imodzi. Koma ndi bwino kudziwa gwero lake. Madalaivala ambiri salandira malipiro okhazikika. Mwini galimoto amayembekezera ndalama yakutiyakuti patsiku kapena pasabata, iyenso ali ndi ngongole ya Toyota Quantum imene akubweza mwezi ndi mwezi pa chiwongoladzanja chokwera. Ndalama zimapezeka maola ochepa a m'mawa ndi a madzulo, ndiye aliyense amathamangira kuti abwerezeko ulendo wina mzere usanathe. Msewu wa anthu ambiri ndi chuma, ndipo mabungwe akakanganirana msewu, anthu amafa, okwera osalakwa nawonso. Izi zakhala zikuchitika kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti njira imene imanyamula anthu ambiri chotere ndi imene boma limaithandiza mochepa. Sitima ndi mabasi zimalandira sabuside ya kayendetsedwe chaka ndi chaka. Matekisi salandira, kupatula ndondomeko imene inayamba mu 2006 yopatsa eni ake ndalama kuti aphwanye magalimoto akale n'kugula atsopano. Ndiye mafuta akakwera, mtengo wonse umagwera wokwera, amene ndi wosauka kale. Ena amati boma silingathire ndalama m'bizinesi imene imayendera kashi ndipo yambiri siilipira msonkho mokwanira. Mfundoyo ili ndi mutu, koma amene akulangidwa pa mkanganowu si mwini tekisi.

Sitima wamba, za Metrorail pansi pa bungwe la boma la PRASA, ndizo zinali zotchipa koposa. Kwa zaka zambiri ndizo zinkanyamula anthu a ku Soweto, Tembisa, Katlehong ndi madera a ku Vaal. M'mabogi ena munkachitika mapemphero m'mawa uliwonse, alaliki ndi nyimbo zawo, m'mabogi ena ogulitsa maswiti ndi zipatso akudutsana. Zinkachedwa, zinkadzaza mpaka anthu kulendewera pazitseko, koma tikiti ya pamwezi inali yotheka ngakhale kwa wolandira zochepa. Kenaka zinagwa. Katangale pa kagulidwe ka zinthu anadya bungwelo, makontirakiti a alonda anathetsedwa chakumapeto kwa 2019, ndipo mliri wa Covid-19 utaimitsa sitima mu 2020, akuba anapeza danga. Anadula mawaya a magetsi a m'mwamba, anafukula zingwe za mkuwa, anazula zitseko, mawindo ndi malata a masiteshoni, ena mpaka njanji zenizenizo. Masiteshoni ambiri anatsala zipupa zokhazokha. Anthu amene ankadalira sitima anakakamizika kukwera matekisi pa mtengo wowirikiza kangapo, ena anasiya ntchito poona kuti malipiro onse akuthera panjira.

Kuyambira cha mu 2022 PRASA yakhala ikutsegulanso njira imodziimodzi, kuphatikizapo ya Naledi ku Soweto ndi ya Leralla ku Tembisa, ndi sitima zatsopano zabuluu zimene zimapangidwa ndi kampani ya Gibela pafupi ndi Nigel. Zitseko zake zimatsekeka zokha ndipo sitima sinyamuka zisanatsekeke. Anthu akubwerera chifukwa mtengo ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi tekisi. Chotsalira ndi kuchuluka kwa maulendo, poti pamene zipangizo zolondolera sitima sizinakonzedwe, sitima zimayenda motalikirana, ndipo amene yamusiya amadikira nthawi yaitali.

Pa Park Station pomwepo, ukatsikira pansi mbali ina, umapeza dziko losiyana. Sitima yothamanga ya Gautrain inayamba kuyenda mu Juni 2010, patatsala masiku ochepa kuti mpikisano wa mpira wa World Cup uyambe, pakati pa Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Mbali ya ku Pretoria inatsegulidwa mu 2011, ya ku Park Station mu 2012. Njanji yake ndi ya makilomita 80, masiteshoni 10, liwiro lofika makilomita 160 pa ola. Kuchokera ku Park mpaka ku Marlboro imadutsa pansi pa nthaka. Kuchoka ku Sandton kukafika ku bwalo la ndege ndi mphindi 15 zokha, ulendo umene pa galimoto nthawi ya mpanipani ungatenge ola lathunthu. Imasunga nthawi, ndi yaukhondo, alonda ali paliponse, kudya ndi kumwa m'kati n'koletsedwa. Umalipira ndi khadi yake kapena khadi ya ku banki pongoigunditsa pachipata, ndipo masiteshoni ali ndi mabasi awo ozungulira madera oyandikana.

Palibe angatsutse kuti Gautrain imagwira ntchito bwino. Funso limene anthu anafunsa isanamangidwe n'komwe, ndipo likadalipo, ndi lakuti anamangira yani. Inadya ndalama zoposa R20 biliyoni, ndipo boma la chigawo cha Gauteng limathirapo ndalama chaka chilichonse, koma siifika ku Soweto, ku Diepsloot kapena ku Orange Farm. Cholinga chake chinali kutulutsa anthu a magalimoto mumsewu wa N1 pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, umene umadzaza koopsa. Ulendo umodzi wopita ku bwalo la ndege umaposa R200. Ngakhale njanji yake ndi yosiyana: ndi yotakata mamilimita 1,435, pamene ya Metrorail ndi ya 1,067, yofanana ndi yathu ya ku Malawi, moti sitima ya uku singayende pa njanji ya uko. Amene watsika ndege kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chileka ndipo akupita ku Sandton, Rosebank kapena Pretoria, Gautrain ndiyo njira yabwino ndi yotetezeka. Wogwira ntchito pa bwalo la ndege lomwelo, wokhala ku Tembisa, amakwera tekisi.

Imene inayesa kulunjika kwa osauka ndi Rea Vaya, mabasi a khonsolo ya mzinda amene anayamba pa 30 Ogasiti 2009. Nzeru yake anaitenga ku Bogotá m'dziko la Colombia: basi ikhale ndi mpata wakewake pakati pa msewu umene magalimoto ena saloledwa kulowamo, masiteshoni akhale okwera kufanana ndi khomo la basi, anthu alipiriretu ndi khadi asanalowe kuti basi isachedwe. Njira yoyamba inachokera ku Thokoza Park ku Soweto kudutsa m'tauni mpaka ku Ellis Park. Yachiwiri inatsegulidwa mu 2013, yodzera ku Auckland Park, pa mayunivesite a UJ ndi Wits, ndi ku Parktown kumene kuli zipatala. Eni matekisi anaona kuti chakudya chawo chikulandidwa, ndipo m'masiku oyambirira basi ina inaomberedwa ku Soweto. Khonsolo inachita chanzeru pokambirana nawo kuti apereke matekisi awo a m'misewu imeneyo n'kukhala eni masheya a kampani yoyendetsa mabasiwo.

Pamene Rea Vaya imafika, imathandiza ndithu, makamaka ophunzira. Koma misewu yake ndi yochepa, madalaivala akhala akunyanyala ntchito kangapo, ndipo ndalama za matikiti sizikwanira kuyendetsera. Chifukwa chake chili m'mamangidwe a mzinda aja. Ku Bogotá anthu amakhala mothithikana ndipo amakwera ndi kutsika panjira ponse tsiku lonse, mpando umodzi n'kugulitsidwa kangapo pa ulendo umodzi. Ku Johannesburg basi imadzaza ku Soweto m'mawa, onse n'kukatsikira kumapeto, pobwerera ili mbee. Masana imayenda yopanda anthu. Gawo lachitatu, lodzera mumsewu wa Louis Botha kupita ku Alexandra ndi Sandton, linachedwa zaka zambiri, masiteshoni omangidwa kale atangokhala, ena akuonongeka asanagwirepo ntchito. Mu 2013 meya wa nthawiyo, Parks Tau, analengeza ndondomeko ya Corridors of Freedom, yoti nyumba zambiri zotchipa zimangidwe m'mbali mwa misewu ya mabasiwa kuti anthu asendere pafupi ndi ntchito. Maganizowo ndi olondola, chifukwa akukhudza muzu wa vuto, koma zomangidwa n'zochepa poyerekeza ndi kukula kwa mzinda.

Mabasi ena alipo. Metrobus ndi ya khonsolo, imayenda kwambiri m'mawa ndi madzulo m'misewu yakale yochokera m'tauni. Putco ikadalipo, ikunyamulabe anthu a ku Soweto ndi madera akutali. Onsewa ali ndi matikiti awoawo. Khadi ya Rea Vaya siigwira pa Gautrain, tikiti ya Metrorail siigwira pa basi, tekisi imafuna kashi. Nkhani ya tikiti imodzi yokwerera zonse yakhala ikulonjezedwa kwa zaka zambiri. Kuvuta kwake n'kwakuti sitima wamba ndi za boma lalikulu, Gautrain ndi ya chigawo, mabasi ndi a khonsolo, matekisi ndi a anthu, ndipo bwalo la ndege ndi Tembisa zili mu khonsolo ina, ya Ekurhuleni. Aliyense amakoka kwake.

Amene wapeza ndalama pang'ono amathamangira kugula galimoto, ndipo sitingamunene. Misewu ya N1, N3 ndi N12 imapanga mkombero wozungulira mzinda, M1 imadutsa pakati kuchokera kum'mwera kupita kumpoto, M2 imapingasa. Boma litakulitsa misewuyi pokonzekera World Cup ya 2010, linaika zipata za makamera zodula msonkho galimoto ikamadutsa pansi pake, zimene zinayamba kugwira ntchito mu Disembala 2013. Anthu ambiri anangokana kulipira. Mabilu ankabwera, iwo osalabadira, mabungwe a antchito ndi mipingo akuwathandizira, mpaka boma linagonja n'kuzimitsa zipatazo mu Epulo 2024, ngongole yomangira misewu n'kugwera pa misonkho ya onse. M'kati mwa mzinda mavuto ndi maenje ndi maloboti osayaka chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi ndi kubedwa kwa mawaya, moti pa mphambano zina umapeza anyamata osowa pokhala akulondolera magalimoto kuti apatsidwe kenakake. Mu Julayi 2023 mpweya unaphulika pansi pa msewu wa Lilian Ngoyi, umene ambiri amautchabe Bree, n'kung'amba msewu ndi kugubuduza matekisi. Munthu mmodzi anamwalira, ambiri anavulala, ndipo msewu wofunika chotero unakhala wotseka kwa nthawi yaitali.

Uber inafika mu 2013, Bolt n'kutsatira, ndipo kwa mlendo wokhala ndi katundu kapena woyenda usiku ndi zothandiza kwambiri. Koma pali malo amene dalaivala wake sangayerekeze kuima: pafupi ndi marenki, pa masiteshoni ena, pa misika ina ya m'makomboni, chifukwa eni matekisi amati okwerawo ndi awo. Magalimoto atenthedwapo, madalaivala aphedwapo. Dalaivala akakuimbira kuti usunthe uime pa kona ina, si mwano, akuteteza moyo wake ndi wako. Ndipo usanalowe, yang'ana nambala ya galimoto ndi nkhope ngati zikufanana ndi za pafoni.

Pali gulu lina limene siliwerengedwa kawirikawiri, la oyenda pansi. Alexandra ndi Sandton zayang'anizana, pakati pali msewu wa M1, kwina nyumba za malata zothithikana, kwina nsanja za magalasi. Anthu zikwizikwi amawoloka wapansi tsiku lililonse kupita kukakolopa, kukalondera ndi kukaphika. Mlatho wa oyenda pansi ndi njinga pa Grayston Drive unamangidwira iwowa, ndipo pomangapo mu Okutobala 2015 zitsulo zochirikiza zinagwera pamsewu n'kupha anthu awiri. Kabaza wa njinga monga timamudziwira kwathu kulibe; njinga zamoto zimene umaziona zambiri ndi zoperekera zakudya ndi katundu, ndipo ambiri oziyendetsa ndi ochokera m'maiko ena a mu Africa.

Kwa Amalawi amene amagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'nyumba, m'malesitilanti ndi m'mashopu, zonsezi zimathera pa masamu a kumapeto kwa mwezi. Chipinda cha lendi yotsika ku dera lakutali chimatha kudula kuposa cha lendi yokwera chapafupi, ukaphatikiza matekisi awiri popita ndi awiri pobwera masiku 6 pa sabata. N'chifukwa chake ambiri amalolera kuthithikana anayi m'chipinda chimodzi ku Randburg, ku Rosettenville kapena ku Yeoville, ndipo ntchito yokhala ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana imalimbiranidwa ngakhale malipiro ake ali ochepa. Wofuna nyumba afunse kaye kuti kuchokera pamenepo kukafika kuntchito ndi matekisi angati, ndipo yoyamba imanyamuka nthawi yanji. Afunsenso za usiku. Matekisi amayamba m'bandakucha koma amachepa kwambiri ikamakwana 8 kapena 9 koloko madzulo, mabasi ndi sitima nazonso zimaweruka, ndipo Lamlungu zonse zimayenda mwa apo ndi apo. Amene akulonjezedwa ntchito ya mu lesitilanti yotseka 11 koloko usiku agwirizane ndi bwana za galimoto yowatula antchito asanavomere, chifukwa malo ena amapereka ulere, ena amadula pa malipiro, ndipo ena sapereka n'komwe.